Mafunso ndi mayankho: kuweruza maposita ndi ma trailer a filimu yanthabwala za mizukwa isanatuluke

Filimu yoseketsa ya mizukwa ikakondedwa, eni ake salephera kuganiza za gawo lachiwiri. Nthawi zina amadikira zaka 5, nthawi zina zaka zoposa 30. Filimuyo isanafike timayamba talandira posita, kenako kachidutswa ka kanema kotchedwa teaser, kenako trailer yaikulu, ndipo mikangano imabuka pomwepo. Ena amati aiwononga, ena amati imeneyi ndiye tinkaidikira. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pa mikangano yotere. Ndawayankha monga munthu wokonda mafilimu a mtundu umenewu, amene zimamupweteka kuona filimu yabwino ikukanidwa chifukwa inatsatsidwa molakwika, kapena filimu yozizira ikuomberedwa m'manja chifukwa cha mphindi 2 zodulidwa mwaluso.

Kodi trailer ingandiuze ngati filimu idzakhale yabwino?

Ingakuuzeni zina, koma osati zonse zimene mukufuna kumva. Nthawi zambiri amene amakonza trailer si amene anapanga filimuyo. Ku Hollywood kuli makampani amene ntchito yawo n'kudula ma trailer basi, ndipo situdiyo imatha kupereka filimu imodzi kwa makampani angapo kuti apikisane, n'kusankha trailer yomwe yakopa kwambiri anthu amene anawaonetsa poyesa. Ntchitoyi ndi yaikulu moti ili ndi mphotho zakezake, Golden Trailer Awards, zomwe zinayamba mu 1999. Odulawo amalandira zidutswa za filimu yomwe sinathe kukonzedwa, ndipo chimene anawalembera n'chakuti inu mugule tiketi sabata yoyamba.

Choncho trailer yokoma ikungotsimikiza kuti woidula amaidziwa ntchito yake. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe zilipo zimene ngakhale katswiri sangathe kuzibisa. Sangaike m'kamwa mwa wosewera nthabwala imene sinajambulidwe. Anthu awiri amene sakugwirizana pa sewero, iye sangawachititse kuoneka ngati akusangalala kukhala pamodzi. Ndipo filimu ikakhala kuti ikungobwereza nkhani yakale, alibe pokatenga yatsopano. Zimenezi ndi zomwe ine ndimasakasaka, zinazo ndimazitenga ngati zokongoletsera.

Teaser ndi trailer zikusiyana pati?

Teaser imatuluka msanga, mwina filimu isanathe n'kujambulidwa komwe, ndipo kawirikawiri imatenga mphindi imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Imangolengeza kuti filimu ikubwera. Trailer yaikulu imatenga pafupifupi mphindi 2 ndi theka ndipo ndi imene imafotokoza nkhani. Ngati teaser ilibe nthabwala, musadandaule msanga. Koma trailer yaikulu ikakhala yopanda nthabwala imodzi yokugwirani mtima, pamenepo mukhoza kuyamba kukayika.

N'chifukwa chiyani mafilimu a mizukwa oseketsa ali ovuta kutsatsa kuposa ena?

Chifukwa kuseka ndi kuopa zonse zimadalira kudikira. Munthu amachita tsemwe pamene pali zii kwa nthawi, akumva kuti kuseri kwa chitseko kuli chinachake. Amasekanso pamene wakhala akuyembekezera chinthu china, n'kutulukira china. Trailer ilibe nthawi yodikira. Imadumpha pa sekondi iliyonse kapena masekondi awiri, ndipo podumphapo imapha chinthu chenicheni chimene filimu yotere imakhalira ndi moyo.

Taganizani za chigawo choyambirira cha Ghostbusters ya 1984, filimu ya anthu osaka mizukwa. Amuna atatu atsikira m'chipinda chapansi cha laibulale yaikulu ya ku New York. Akuyenda pang'onopang'ono pakati pa mashelefu, akupeza mabuku atasanjikizana modabwitsa, zonanda zikuchucha pa makabati a makadi. Akuona mzukwa wa mayi wachikulire ukuwerenga buku, ndipo mmodzi ataulankhula ukungoika chala pakamwa kuti akhale chete. Abwerera kuseri, anong'onezana, wina n'kunena kuti ali ndi pulani. Pulaniyo n'kungouthamangira kuti augwire. Mzukwa usandulika chinthu choopsa zedi, amunawo n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Chigawo chimenechi chimatenga mphindi zingapo, ndipo chimakoma chifukwa mantha ake ndi enieni. Mukachidula kuti chikwane masekondi atatu, mutsala ndi kukuwa ndi kuthamanga basi, zomwe filimu ina iliyonse ingaonetse.

Ndiye poonera trailer, funani malo amodzi pamene wodula wachotsa dzanja n'kulola chigawo kuti chiyende chokha kwa masekondi 10 kapena 15. Pamenepo ndi pomwe mumaona filimu yeniyeni. Onani ngati osewerawo akumvetserana, ngati wina akudikira mnzake amalize kulankhula nkhope yake ikuchita kanthu. Onaninso ngati anthu a m'nkhanimo akuuopa mzukwawo. Akakhala kuti akungouseka kuyambira pachiyambi, nthabwala zimakhala zopanda pogwira, chifukwa choseketsa kwambiri mu mafilimu amenewa ndi munthu wamantha amene akuyesetsa kuoneka wolimba mtima. Kukatsala masabata ochepa, masitudiyo ambiri amatulutsa kachigawo kathunthu ka mphindi imodzi kosadula. Kameneko kamanena zoona kuposa ma trailer onse pamodzi.

Pa posita ndiyambe kuyang'ana chiyani?

Yambani n'kufunsa ngati ili ndi ganizo limodzi lomveka. Posita ya ku America yomata m'nyumba zoonetsera kanema imakhala ya mainchesi 27 m'lifupi ndi 40 m'litali, koma ambiri masiku ano timaiona ili kachinthu kakang'ono pa foni. Yabwino imamvekabe ngakhale yachepa chotero.

Chizindikiro cha Ghostbusters, mzukwa woyera wotsekeredwa m'mkombero wofiira wa "n'zoletsedwa", chinakonzedwa motsogozedwa ndi Michael C. Gross, ndipo mu 1984 chinayamba kuoneka pachokha, popanda nkhope ya wosewera aliyense. Chinali choseketsa komanso chinkafotokoza ntchito ya anthu a m'filimuyo. Pamene gawo lachiwiri linkabwera mu 1989, mzukwa womwewo unangotukula zala ziwiri. Panalibe chofunika kuwonjezera. Chitsanzo china ndi posita yoyamba ya Beetlejuice Beetlejuice. Filimu yoyamba, Beetlejuice ya 1988, imatha mwini dzina ali pa mzere m'chipinda chodikirira cha akufa, atagwira kapepala ka nambala yaitali. Posita ya gawo lachiwiri inaonetsa manja ake atagwira kapepala kotero, manambala ake akupanga tsiku lotulutsa filimu, 6 Seputembala 2024. Amene anaganiza zimenezi anaionera bwino filimu yoyamba, ndipo anadziwa kuti nthabwala ili pa kudikira kwa zaka 36. Dzina lenilenilo ndi nthabwala inanso, popeza m'nkhanimo munthu akalitchula katatu mwiniwake amatulukira, ndipo apa latchulidwa kawiri.

Posita yotere imandipatsa chiyembekezo, chifukwa imasonyeza kuti penapake m'gulumo muli munthu wodziwa chimene chinakometsa filimu yoyamba.

Nanga maposita odzaza mitu ya anthu, kodi ndi chizindikiro cha filimu yoipa?

Ayi, osati paokha. Maposita amenewa amabadwa m'mapangano. Wosewera wotchuka amasainirana ndi situdiyo za kukula kwa nkhope yake ndi malo a dzina lake, ndipo wina akaikidwa, mnzake naye amayenera kuikidwa. N'chifukwa chakenso nthawi zambiri mayina a pamwamba sagwirizana ndi nkhope zili pansi pake: mndandanda wa mayina unakhazikika m'pangano, pomwe wojambula amasanja nkhope mmene zikuonekera bwino. Kusowa pa posita sikutanthauzanso kuti munthu alibe gawo. Ernie Hudson, wachinayi pa osaka mizukwa a mu 1984, sanaikidwe pa posita yaikulu ya filimuyo, ndipo iye wakhala akunena poyera kuti zinamupweteka.

Komabe werengani nkhopezo. Filimu yanthabwala imatenga pafupifupi maola awiri, ndipo munthu aliyense amafuna nthawi kuti timudziwe tisanayambe kumuseka. Posita ikaonetsa gulu lakale lonse, gulu latsopano lonse, ana awo, adani awiri ndi mzukwa wokondedwa uja, maola awiriwo agawidwa tizidutswa tating'onoting'ono. Ghostbusters: Frozen Empire ya 2024 inali ndi magulu awiri otero, ndipo dandaulo la kuchulukana kwa anthu linamveka kwa ambiri amene anaionera. Posita inali itanena kale.

Timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa posita tili ndi ntchito kwa ine?

Ndi pamene pali uthenga wodalirika kuposa pena paliponse. Timalembato timaonda ndi kutalika chifukwa mapangano amalamula kuti mayina afike msinkhu wakutiwakuti poyerekeza ndi dzina la filimu, ndiye amawafinya kuti onse akwane. Muzifuna mayina a amene analemba nkhani ndi amene anatsogolera kujambula. Ghostbusters yoyamba inalembedwa ndi Dan Aykroyd ndi Harold Ramis, n'kutsogoleredwa ndi Ivan Reitman, ndipo atatu onsewa anabwerera mu 1989. Tim Burton anatsogolera Beetlejuice zonse ziwiri. Kubwerera kwa anthu otere sikulonjeza kuti filimu ikoma, koma mumadziwa amene wagwira chiwongolero.

Chenjerani ndi mawu akuti "kuchokera kwa amene anakupatsani filimu yakutiyakuti". Akakhala kuti akunena za wolemba kapena wotsogolera amatchula poyera. Akangonena mozungulira, kawirikawiri amatanthauza situdiyo kapena amene anasonkha ndalama.

Osewera akale abwerera. Si umboni wokwanira umenewu?

Apa ndi pamene mtima umatinyenga kwambiri, ndipo ine ndimaumvetsa. Kuona nkhope imene unaikonda uli mwana, tsitsi litachita imvi koma kumwetulira kuli komwe kuja, kumagwetsa misozi. Otsatsa amadziwa zimenezi. Amasunga nkhopeyo mpaka masekondi omaliza, nyimbo n'kuima, chitseko n'kutseguka. Hocus Pocus 2 ya 2022 inabweretsanso Bette Midler, Sarah Jessica Parker ndi Kathy Najimy patapita zaka 29. Beetlejuice Beetlejuice inabweretsa Michael Keaton, Winona Ryder ndi Catherine O'Hara. Ghostbusters: Afterlife ya 2021, yotsogoleredwa ndi Jason Reitman, mwana wa Ivan, inafika pogwiritsa ntchito kompyuta kuonetsa Harold Ramis, amene anamwalira mu 2014.

Yesani kuchita izi. Onerani trailer kachiwiri, ndipo m'maganizo mwanu chotsanimo chilichonse chochokera m'filimu yakale: galimoto ija, nyumba ija, nyimbo ija, mawu aja amene aliyense amawaloweza. Chatsala n'chiyani? Mukatsala ndi munthu watsopano wokhala ndi vuto lakelake, filimuyo ili ndi chifukwa chokhalira. Mu Beetlejuice Beetlejuice munatsala Jenna Ortega monga Astrid, mwana wa Lydia (Winona Ryder), amene sakhulupirira zoti mayi ake amaona akufa. Imeneyo ndi nkhani, ndipo ikanatha kuima ngakhale popanda zokumbutsa zakale. Mukatsala chimanjamanja, ndiye kuti akukugulitsani zikumbukiro zanu zomwe.

Chinanso, onani kuchuluka kwa nthawi imene akupatsa wokondedwa uja. Mu Beetlejuice ya 1988 Michael Keaton, wosewera ngati mwini dzina, amaoneka pafupifupi mphindi 17 zokha. Mphamvu yake inali pa kusowa: ukamuona, usanakhute wapita. Gawo lachiwiri limakhala ndi chiyeso chomuika paliponse popeza ndi amene anthu akumufuna. Trailer ikamuonetsa m'malo osiyanasiyana ambiri, atavala zosiyanasiyana, akulankhula m'chigawo chilichonse, ndimayamba kuda nkhawa kuti mwina amutopetsa. N'zothekanso kuti zikhale mwa njira ina: trailer yadzaza nkhope yakale pomwe m'filimu munthuyo akuoneka mphindi 5 kumapeto. Mukaona kuti paliponse pomwe akuoneka wavala malaya omwewo ndipo ali m'chipinda chomwecho, dziwani kuti anajambula masiku ochepa.

Kodi n'zoona kuti nthabwala zabwino zonse amaziika mu trailer?

Pa filimu yofooka, inde, chifukwa wodula amatola zonse zimene wapeza. Njira yodziwira n'kufananiza ma trailer. Woyamba, wachiwiri ndi timalonda ta pa TV akamabwereza nthabwala zitatu zomwezo, ndiye kuti nkhokwe ndi yaing'ono. Aliyense akamabwera ndi zatsopano, zilipo zambiri zosungidwa.

Komanso nthabwala zokoma kwambiri nthawi zambiri sizilowa mu trailer n'komwe, popeza zimafuna kuti ukhale utamudziwa munthuyo kwa ola lathunthu. Zimene zimalowa ndi zomveka msanga: wina wagwa, wina wathiridwa zonanda kumaso, wina wakuwa. Filimu yanzeru imatha kuoneka yachibwana mu trailer pa chifukwa chimenechi.

Zimene ndinaona mu trailer sindinazipeze m'filimu. Anandinamiza?

Kawirikawiri si bodza lochita kukonza. Trailer imadulidwa miyezi ingapo filimu isanamalizidwe, ndipo pakati apo zigawo zina zimachotsedwa. Mu mafilimu anthabwala zimachitika kwambiri, chifukwa osewera amajambula chigawo chimodzi kangapo, ulendo uliwonse akuyesa mawu ena, ndiye wodula trailer amasankha ena, wotsogolera filimu n'kusankha ena. Palinso masitudiyo amene amasintha dala zithunzi pofuna kubisa nkhani, monga mmene trailer ya Avengers: Infinity War ya 2018 inaonetsera Hulk akuthamanga ndi anzake ku Wakanda, chinthu chomwe m'filimu mulibe.

Koma pali malire. Ana de Armas anaoneka mu trailer ya Yesterday ya 2019, pomwe m'filimu anali atachotsedwamo kotheratu. Anthu awiri ku America anakasuma kampani ya Universal, ndipo mu Disembala 2022 woweruza anagamula kuti trailer ndi malonda, choncho malamulo oletsa kutsatsa mwachinyengo akhoza kuikhudza. Mlanduwo pambuyo pake sunapite patali, koma mfundoyo inamveka. Kwa ine, nthabwala imodzi ikasowa palibe mlandu. Chimene chimandikhudza ndi trailer yosintha mtundu wa filimu, yoonetsa sewero lachisoni ngati lanthabwala kapena lanthabwala ngati loopsa, chifukwa imaitana anthu olakwika n'kuthamangitsa amene akanaikonda.

Mizukwa ikuoneka yabodza kwambiri. Idzakhala chomwecho?

Mwina ayi. Zithunzi zopangidwa pa kompyuta zimamalizidwa kumapeto kwenikweni, ndipo za mu trailer yoyamba zimakhala zothamangitsidwa. Kuwala, mthunzi ndi utsi zimatha kukonzedwa. Chovuta kusintha ndi kapangidwe ka chinthucho, nkhope yake ndi thupi lake. Zinachitikapo pa Sonic the Hedgehog: trailer ya mu Epulo 2019 inakanidwa kwambiri chifukwa cha maonekedwe a Sonic, mano ake ndi maso ake, mpaka filimu inasunthidwa kuchoka mu Novembala 2019 kupita mu Febuluwale 2020 kuti amukonzenso. Koma zotere sizichitikachitika, ndipo zimadya ndalama ndi nthawi ya anthu ambiri.

Pa nthabwala za mizukwa, funso langa silikhala lakuti mzukwa ukuoneka weniweni kapena ayi. Ndimafunsa ngati uli ndi khalidwe. Akufa a mu Beetlejuice ya 1988 anapangidwa ndi zopakapaka, zidole ndi zoumba zosunthidwa pang'onopang'ono pojambula, ndipo filimuyo inapata mphotho ya Oscar ya zodzoladzola. Aliyense wa akufawo ukangomuona umadziwa mmene anafera, ndipo nthabwala ili pomwepo. Tim Burton anabwerera ku njira zomwezo mu 2024. Ubwino wake wina n'ngwakuti wosewera amakhala ndi chinthu chenicheni patsogolo pake, maso ake amagwera pamalo oyenera. Mtambo waukulu wobiriwira wophimba mzinda wonse ungakhale wokongola bwanji, sungaseketse munthu, popeza ulibe nkhope.

Nanga nyimbo?

Nyimbo za mu trailer nthawi zambiri si za m'filimu, chifukwa wopeka nyimbo za filimu amagwira ntchito yake mochedwa. Pa magawo achiwiri pali chizolowezi chotenga nyimbo yakale yachisangalalo n'kuiimba pang'onopang'ono, ndi piyano imodzi kapena kwaya ya ana. Teaser ya Beetlejuice Beetlejuice inachita zimenezi ndi nyimbo ya Harry Belafonte ija ya mu filimu yoyamba, ikuimbidwa pa maliro, ndipo zinagwirizana ndi nkhani chifukwa maliro ali m'filimumo. Pena amangochita kuti mumve chisoni chokoma cha masiku akale. Zimitsani mawu muonere trailer ili duu. Ngati nkhope ndi zochita za osewera zikukukokanibe, filimuyo ili ndi kanthu.

Trailer yaonedwa ndi anthu mamiliyoni ambiri, kapena yadedwa ndi ambiri. Nditsatire zimenezo?

Manambala amenewa amayeza kutchuka kwa dzina ndi kukula kwa mkangano. Sayeza ubwino wa filimu imene palibe amene waiona. Trailer yoyamba ya Ghostbusters ya 2016, yotsogoleredwa ndi Paul Feig, momwe munali Melissa McCarthy, Kristen Wiig, Kate McKinnon ndi Leslie Jones, inakhala trailer ya filimu yodedwa kwambiri pa YouTube pa nthawiyo. Ena sanaikonde moona mtima, koma panalinso magulu amene anamemana kukaida chifukwa choti osaka mizukwa anali akazi, ndipo Leslie Jones anatukwanidwa pa Twitter mwankhanza, mawu osankhana mtundu. Filimu itatuluka, olemba ndemanga ambiri anaiona kuti ndi yabwinoko kuposa mmene phokoso lija linkanenera, ngakhale kuti sinabweze ndalama mmene eni ake ankafunira. Kuyambira mu Novembala 2021 YouTube inabisa chiwerengero cha odana ndi kanema.

Nambala ya oonera nayo ili ndi zake. Situdiyo imalipira kuti trailer izitulukira ngati malonda patsogolo pa makanema ena. N'chifukwa chake ma trailer ambiri amayamba ndi kachidutswa ka masekondi 5 kothamanga kwambiri: akufuna akugwireni batani lodumphira malonda lisanaoneke.

Posita ikuoneka yachibwana. Ndingapite ndi ana?

Musadalire posita pa nkhani imeneyi, chonde. Otsatsa amaika kutsogolo kamzukwa kokongola chifukwa ndi kamene kamagulitsa zidole. Gremlins, yomwe inatuluka tsiku limodzi ndi Ghostbusters pa 8 Juni 1984, inali ndi kanyama kokondeka, makolo ambiri n'kupita ndi ana aang'ono, kukapeza zinthu zoopsa zimene sanaziyembekezere. Madandaulo a filimuyi ndi a Indiana Jones and the Temple of Doom anathandiza kuti chaka chomwecho ku America akhazikitse mlingo watsopano wa PG-13, wochenjeza makolo kuti filimu mwina siyenera ana osakwana zaka 13. Kumbukiraninso kuti gawo lachiwiri likhoza kukhala ndi mlingo wosiyana ndi loyamba: Beetlejuice ya 1988 inali PG, mlingo wofewerapo, ya 2024 ndi PG-13. Ku America trailer imene imayamba ndi chikwangwani chobiriwira imakhala yofewetsedwa, pomwe ya chikwangwani chofiira imatha kuonetsa magazi ndi mawu otukwana. Maiko ambiri ali ndi milingo yawoyawo, ndiye werengani mlingo wa kwanuko pamodzi ndi zifukwa zimene alemba pambali pake. Mwana wanu mumamudziwa ndinu. Alipo amene amaseka chigaza chikulankhula, alipo amene sagona sabata yathunthu.

Mawu oyamikira ndi nyenyezi za pa posita n'zodalirika?

Werengani dzina lili pansi pa mawuwo. Mu 2001 zinadziwika kuti kampani ya Sony inkaika pa malonda ake mawu a wolemba ndemanga wotchedwa David Manning, munthu amene kunalibe, wopekedwa ndi ogwira ntchito pa kampaniyo. Posita ya Legend ya 2015 inadzaza ndemanga za nyenyezi 4 ndi 5, koma ya nyuzipepala ya The Guardian, yomwe inapereka nyenyezi 2 zokha, anaiika pakati pa mitu iwiri ya Tom Hardy, amene anasewera ngati mapasa, kuti zioneke ngati nyenyezi zinazo zabisika kuseri. Mu Ogasiti 2024 kampani ya Lionsgate inachotsa trailer ya Megalopolis n'kupepesa chifukwa munali mawu abodza onamizira olemba ndemanga odziwika. Liwu limodzi lokha, monga lakuti "yoseketsa", likhoza kudulidwa m'chiganizo chomwe chinkanena zina. Mukaliona, kafuneni ndemanga yonse.

Ndingadziwe bwanji trailer yabodza?

Magawo achiwiri oyembekezeredwa kwa nthawi yaitali ndi amene amakopa kwambiri opanga ma trailer abodza. Amalumikiza zidutswa za mafilimu ena ndi zithunzi zopangidwa ndi AI, n'kulemba kuti ndi trailer yoyamba. Mu 2025 YouTube inaletsa matchanelo ena akuluakulu otere kupeza ndalama za malonda. Onani kumene kanemayo wachokera: trailer yeniyeni imaikidwa pa tchanelo cha situdiyo, ndipo nyuzipepala zolemba za mafilimu zimaitchula tsiku lomwelo. Yabodza imakhala ndi nkhope zosalala mopitirira, anthu ongotembenuza mutu osachita kanthu, mawu osagwirizana ndi milomo, ndipo simupezamo anthu awiri akucheza kwa nthawi.

Kodi zonsezi zikugwiranso ntchito pa mafilimu a ku India?

Zambiri zikugwira, koma katsatsidwe kawo n'kosiyana. Trailer ya filimu ya Chihindi imatha kufika mphindi 3, imafotokoza nkhani mowolowa manja, ndipo nyimbo za m'filimu zimatulutsidwa padera ngati mbali ya malonda. Mtundu wa mantha osakaniza nthabwala wakula kwambiri kumeneko. Stree ya 2018, yotsogoleredwa ndi Amar Kaushik, momwe muli Rajkummar Rao ndi Shraddha Kapoor, inatsatidwa ndi Stree 2 mu Ogasiti 2024, wotsogolera ndi osewera akuluakulu ali omwewo, nkhani ikupitirira m'tauni yomweyo ya Chanderi. Koma nambala 2 pa posita sitanthauza nthawi zonse kuti nkhani ikupitirira. Bhool Bhulaiyaa ya 2007 inali ndi Akshay Kumar ndi Vidya Balan, pomwe Bhool Bhulaiyaa 2 ya 2022 inabwera ndi Kartik Aaryan ndi nkhani ina, n'kungosunga dzina, nyimbo ndi dzina la mzukwa Manjulika. Vidya Balan anadzabwerera mu gawo lachitatu mu 2024. Amene anangoona dzina osayang'ana nkhope ndi mayina a pansi akanapita akuyembekezera anthu ena.

Ndionere ma trailer angati ndisanapite?

Ngati mwaganiza kale zokaionera, teaser ndi trailer yoyamba zakwana. Trailer yomaliza ndi timalonda ta sabata yotulutsa filimu amapangira anthu amene akukayikabe, ndiye amatsanulira zonse, mdani wamkulu, nkhope yobisidwa ija, ngakhale zithunzi za m'chigawo chomaliza. Kudzidzimuka kumachitika kamodzi, ndipo mukakuwonongera pa foni simudzakupezanso mu holo.

Ngati mukukayikabe, siyani ma trailer mufune kachigawo kathunthu kosadula kaja. Onaninso tsiku limene situdiyo yalola olemba ndemanga kutulutsa maganizo awo. Beetlejuice Beetlejuice inatsegulira chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice pa 28 Ogasiti 2024, kutatsala masiku 9 kuti ifike kwa anthu onse, ndipo aliyense wofuna kuwerenga ndemanga anali ndi sabata yathunthu yoganizira asanagule tiketi. Situdiyo ikatseka pakamwa olemba ndemanga mpaka usiku woti filimu ituluka mawa, ine ndimadikira kaye masiku awiri kapena atatu kuti ndimve kwa amene alowamo.